Khoswe akakhala pamkhate: chifukwa chake mliri wa 1347 unapulula anthu chonchija

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale yoyendera. Akuti ali m'kalasi anatchulako za mliri umene Azungu amautcha Black Death, womwe unapulula anthu ku Ulaya ndi maiko oyandikana nawo kuyambira 1347, ndipo mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza mkono n'kufunsa kuti: "Ngati matenda amenewa alipobe mpaka lero, ndipo munthu amachira akapita kuchipatala, zinatheka bwanji kuti nthawi imeneyo aphe pafupifupi theka la anthu? Kodi kachilombo kake kanali kena? Kapena n'zoona zimene amanena pa intaneti, zoti anthuwo anali auve ndipo anapha amphaka onse?" Aphunzitsiwo akuti anamuyankha mwachidule, koma mtima wawo sunakhutire, ndiye anandilembera kuti ndiwathandize maganizo.

Aphunzitsi, zikomo pondikhulupirira, ndipo mwanayo mumuthokoze m'malo mwanga. Wafunsa pomwe pagona nkhani. Yankho langa likhala lalitali, mundipirire.

Ndiyambe ndi kachilomboko. Matendawa, amene ena amawatcha mliri wa makoswe ndipo akuluakulu ankati chaola, amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Yersinia pestis. Dzinali linachokera kwa dokotala Alexandre Yersin, amene anamupeza ku Hong Kong mu 1894. Mu 2011 asayansi anaunika mano a anthu amene anakwiriridwa m'manda a East Smithfield ku London, manda omwe anatsegulidwa chifukwa cha mliri womwewu, ndipo anapeza kuti bakiteriya wa nthawi imeneyo sasiyana kwenikweni ndi amene alipo lero. Choncho funso la mwana uja lakuti kodi kachilombo kanali kena yankho lake n'lakuti ayi, kachilombo n'komweko. Chimene chinali chosiyana ndi dziko lomwe kanalipeza: njira zimene kanayendamo, nyumba zimene kanalowamo, matupi amene kanagweramo, ndiponso zimene anthu ankakhulupirira kuti zikuwapha.

Matendawa kwawo n'kwa makoswe ndi tinyama tina tokumba una m'tchire. Munthu amangogweramo. Wonyamula katundu pakati pa khoswe ndi munthu ndi nthata. Ndili mwana kwa agogo, tikapha khoswe pansi pa nkhokwe tinkamuponya pabwalo n'kumamuzungulira. Pakapita kanthawi, thupi likayamba kuzizira, tinkaona tinthu takuda tikutuluka muubweya, kuyenda pang'ono pamimba, kenako n'kudumpha osaonekanso. Agogo ankatikalipira kuti tichokepo. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti zomwe tinkaonererazo ndi momwe mliri umasamukira. Nthata imafuna thupi lotentha. Mwini wake akafa imasaka lina, ndipo makoswe akatha imatera pa mwendo wa munthu.

Palinso china choipa kuposa apa. Nthata ikayamwa magazi a khoswe wodwala, mabakiteriya aja amaswana pakhosi pake mpaka kutseka njira ya chakudya. Ikaluma, magazi sapitirira kumimba, amabwerera m'bala atasakanikirana ndi tizilombo. Ndiye poti sikukhuta, imaluma kawiri, katatu, kanayi, uku ndi uku. Mwa munthu, tizilombo timathamangira ku anabere, ndipo amatupa m'khwapa, m'khosi kapena m'mphechepeche, nthawi zina kufika ngati dzira. Thupi limatentha kwambiri, mutu umawawa, munthu amasanza n'kuyamba kubwebweta. Popanda mankhwala, pa anthu 10 odwala mtundu umenewu amafa atatu mpaka 6. Tizilombo tikalowa m'mapapo kapena tikadzaza m'magazi, wopulumuka amasowa.

Tsopano taonani nthawi yake, chifukwa ine ndimaona kuti chinsinsi chachikulu chili pamenepa. Matenda akalowa pamalo, amayamba kaye ndi makoswe, m'tsindwi ndi m'nkhokwe momwe palibe akuona. Amatenga pafupifupi masabata awiri kuti awathe. Kenako nthata zanjala zimatembenukira kwa anthu, munthu wolumidwa amakhala masiku angapo asakumva kanthu, ndipo akadwala amakhalanso masiku angapo asanamwalire. Pomwe maliro oyamba akumveka, papita masabata atatu, chombo chomwe chinabweretsa tsokalo chinanyamuka kalekale, ndipo matumba amene chinatsitsa afika kale m'misika ina. Anthu ankatseka zipata mdani ali kale m'nyumba.

Nanga unachokera kuti? Pafupi ndi nyanja ya Issyk-Kul, m'dziko lomwe lero ndi Kyrgyzstan, pali manda akale amene miyala yake yambiri inalembedwa zaka za 1338 ndi 1339, ndipo ina imanena kuti munthuyo anafa ndi mliri. Mu 2022 asayansi analengeza kuti apeza Yersinia pestis m'mano a ena mwa anthu amenewa. Dera limeneli linali panjira za amalonda, m'nthawi yomwe maufumu a Amongolia analumikiza China ndi Black Sea. Pofika 1346 mliri unali utafika kumadera a kumpoto kwa nyanja ya Black Sea.

Pali nkhani imene mabuku ambiri amaikonda. Amalonda a ku Genoa, mzinda wa ku Italy, anali ndi doko lawo ku Kaffa, ku Crimea m'mphepete mwa Black Sea, ndipo asilikali a Jani Beg, mfumu ya Amongolia, analizinga. Akuti asilikaliwo atayamba kufa, ankaponya mitembo mkati mwa linga. Amene analemba zimenezi, Gabriele de' Mussi, anali kwawo ku Piacenza, sanazione ndi maso, ndipo akatswiri ambiri masiku ano amazikayikira. Chimene chikumveka kwambiri n'chakuti nkhondo itatha malonda anatsegukanso mu 1347, ndipo zombo zinayambanso kunyamula tirigu. Ku Italy zokolola zinali zitavuta, mizinda ngati Venice ndi Genoa inkafuna chakudya mwachangu. Pomwe pali tirigu pali khoswe, ndipo nthata imatha kukhala masabata ambiri m'zinyenyeswa za dzinthu kapena m'mitolo ya nsalu ngakhale khoswe wake atafa.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sindikudziwa mwambi wina umene umalongosola mliriwu bwino kuposa umenewu. Mzinda wa anthu 100,000 sungadye za m'munda wake wokha. Kukaniza zombo kunali kuitana njala, kuzilola kunali kuitana imfa. Matenda anakwera pa chinthu chomwe anthu sakanatha kuchikana.

Kuchokera pamenepo ulendo wake unatsata madoko. Mu 1347 unafika ku Constantinople ndi ku Alexandria. Mu Okutobala chaka chomwecho zombo za ku Genoa zinakocheza ku Messina, pachilumba cha Sicily, zili ndi odwala ndi akufa. Anthu a ku Messina anazithamangitsa, koma munali m'mbuyo mwa alendo, ndipo kuzithamangitsako kunangozitumiza kumadoko ena. Kenako Marseille, Genoa, Venice. Mu 1348 unali ku Florence, Avignon, Paris, Cairo, Damascus ndi Tunis, ndipo chapakati pa chaka unalowa mu England kudzera padoko la Melcombe, lomwe lero lili mu Weymouth. Mu 1349 unafika ku Bergen ku Norway, ndipo mu 1353 unapha Simeon, wolamulira wa Moscow. Pamtunda unkayenda pang'onopang'ono, mudzi ndi mudzi. Panyanja unkadumpha mitunda yaitali n'kukayatsa moto watsopano kutali, kenako moto uja n'kumabwerera kudzakumana ndi unzake.

Komabe makoswe okha sakwanira kufotokoza liwiro lonseli, makamaka kumaiko ozizira. Apa m'pamene akatswiri amatsutsana. Ena, kuphatikizapo gulu lina la ofufuza la ku Oslo mu 2018, amati nsabwe ndi nthata zokhala pa anthu zinathandiza kwambiri kuchotsa matenda kwa munthu kupita kwa mnzake. Ine zimenezi zimandimvekera ndikaganiza za moyo wa nthawi imeneyo. Banja lonse linkagona chipinda chimodzi, kufunda bulangete limodzi, pa udzu woyala pansi, ziweto zili pafupi, dzinthu zili m'nyumba momwemo. Nsalu inali chuma. Munthu akamwalira, malaya ake sankatayidwa, ankagawana abale kapena kugulitsa ngati kaunjika. Akuluakulu a mzinda wa Pistoia ku Italy anazindikira zimenezi ndipo mu 1348 analetsa kulowetsa nsalu zakale mumzinda. Sankadziwa za nthata, koma maso awo ankaona kuti kumene kwapita zovala za womwalira kumatulukanso maliro.

Ndiye panali mtundu wa m'mapapo, umene sufuna khoswe kapena nthata. Guy de Chauliac, dokotala wa Papa Clement VI ku Avignon, analemba kuti miyezi iwiri yoyamba anthu ankatentha thupi n'kumalavula magazi, ndipo ankafa m'masiku atatu. Pambuyo pake m'pamene panabwera mtundu wa zotupa, wopha m'masiku asanu. Iyenso anadwala koma anachira. Mtundu wa m'mapapowu umayenda ndi chifuwa. Amene amautenga ndi amene wakhala pafupi: mayi wopukuta mwana thukuta, mkazi wothandiza mwamuna wake kutembenuka, wansembe woweramira kuti amve mawu omaliza. Ku England ansembe anafa ochuluka kwambiri moti mu Januwale 1349 bishopu wa Bath ndi Wells analembera anthu ake kuti wansembe akasowa, munthu aulule machimo ake kwa Mkhristu mnzake wamba, ngakhale kwa mayi. Kwa Mpingo wa nthawi imeneyo, mawu otere anali osayembekezeka.

Tibwere ku matupi amene mliri unawapeza. Pano ndichedwepo, aphunzitsi, chifukwa mabuku a sukulu amadumphapo. Zaka 30 mliri usanafike, kumpoto kwa Ulaya kunagwa njala yoopsa, kuyambira 1315 mpaka 1317. Mvula inagwa osalekeza, tirigu anaolera m'munda, mitengo ya chakudya inakwera osaneneka. Njala isanaiwalike, mu 1319 ndi 1320 kunabwera mliri wa ng'ombe umene ku England unapha zoposa theka. Ng'ombe n'zimene zinkalima, n'zimene zinkapereka mkaka ndi manyowa. Mwana wobadwa mu 1315 anayamwa bere louma, anakula wopanda mkaka, ndipo mu 1348 anali bambo wa zaka 33 wokhala ndi ana ake. Ife kuno tikudziwa tanthauzo la kupinimbira, timaliona kusikelo. Mwana amene anakula ndi njala amanyamula chilema chake mkati mpaka kukula.

Mafupa akuchitira umboni. Katswiri wina, Sharon DeWitte, anaunika mafupa a ku East Smithfield kuja ndipo anapeza kuti mliri sunkangotola aliyense mofanana. Okalamba, ndiponso amene mano ndi mafupa awo ankaonetsa zipsera za njala ndi matenda a paubwana, ndi amene ankafa kwambiri. Inde, unapha olemera ndi mafumu omwe. Mfumu Alfonso XI ya ku Castile, dera lomwe lero lili mu Spain, inafa nawo mu 1350 ili pankhondo ku Gibraltar. Koma amene unawakolola mwaunyinji anali osauka, othinana m'tinyumba ta m'mizinda, omwe analibe kothawira. Onjezaninso kuti kwa zaka mazana ambiri matendawa anali asanayendeko m'maiko amenewa mwa njira yotere, choncho panalibe ndi mmodzi yemwe amene thupi lake linakumanapo nawo.

Tsono anthu ankati chikuwapha n'chiyani? Mu Okutobala 1348 madokotala a payunivesite ya Paris anapereka lipoti kwa mfumu. Anati gwero lake ndi kukumana kwa mapulaneti atatu, Saturn, Jupiter ndi Mars, mu Malichi 1345, komwe kunaononga mpweya. Sanali anthu opusa. Anali ophunzira kuposa onse a nthawi yawo, koma analibe makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Poti ankakhulupirira kuti vuto ndi mpweya woipa, ankafukiza zonunkhira, kutseka mawindo, ndi kutema odwala kuti magazi atuluke. Palibe amene ankayang'ana khoswe. Ndipo malangizo amene ankaoneka anzeru kuposa onse, akuti thawa msanga, pita kutali, uchedwe kubwerera, ndi amene anatengera matenda kumidzi, m'mitolo ya zovala za othawawo.

Ena anathamangira kupemphera pamodzi. Ibn Battuta, munthu wa ku Morocco amene anayenda maiko ambiri n'kulemba zimene anaona, anali ku Damascus mu Julaye 1348 ndipo anaona anthu atasala kudya masiku atatu, kenako Asilamu, Akhristu ndi Ayuda akutuluka limodzi opanda nsapato, atanyamula mabuku awo opatulika, akulira. Ndikamawerenga zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa n'zokongola, komanso chifukwa m'khamu lotero wina ankatsokomola. Ku Germany ndi maiko oyandikana nawo kunabuka magulu a anthu oyenda mzinda ndi mzinda akudzikwapula ndi zikoti pofuna kupepesa Mulungu, mpaka Papa anawaletsa mu 1349.

Choipitsitsa chinali kufuna munthu womuloza chala. Mphekesera inafala yoti Ayuda athira poizoni m'zitsime. Ku Strasbourg, pa 14 Febuluwale 1349, Ayuda mazanamazana anawotchedwa, mliri usanafike n'komwe mumzindawo, ndipo ngongole zimene anthu anali nazo kwa iwo zinafafanizidwa. Zoterezi zinachitikanso ku Basel, Mainz ndi m'mizinda ina yambiri. Papa Clement VI analemba makalata owateteza, n'kunena kuti Ayudanso akufa ndi mliri womwewo, koma ambiri sanamumvere. Ana anu muwaphunzitse ndime imeneyi mosabisa. Tinaonapo kwathu kuno agogo akumenyedwa pamaliro powaganizira ufiti, ndi anthu akuphedwa pa mphekesera za anamapopa. Mantha akasowa yankho amagwira amene alibe womuteteza.

Panali ena amene anaona bwino. Ibn al-Khatib, wolemba mabuku wa ku Granada, mzinda womwe lero uli mu Spain, analimbikira kuti matendawa ndi opatsirana. Umboni wake unali woti chovala kapena chiwiya cha wodwala chimadwalitsa nyumba yonse, doko limakhala bwinobwino mpaka chombo chochokera kodwala chitafika, ndipo anthu okhala kwaokha m'chipululu ankapulumuka. Ku Milan olamulira akuti ankatseka ndi njerwa nyumba zoyamba kudwala, odwala ndi amoyo ali momwemo. Inali nkhanza yosaneneka, ndipo mzindawo unataya anthu ochepa poyerekeza ndi ina, ngakhale kuti mu 1361 mliri utabweranso sunawusiye.

Pali imfa ina imene siwerengedwa. Wodwala zotupa akhoza kuchira ngati pali womupatsa madzi ndi phala. Koma nyumba yonse ikagona tsiku limodzi, amatunga madzi ndani? Khanda lomwe mayi ake amwalira limayamwa kuti? Agnolo di Tura, wolemba mbiri wa ku Siena ku Italy, analemba kuti bambo ankathawa mwana, mkazi kuthawa mwamuna, ndipo panalibe wonyamula maliro ngakhale pomulipira. Anakumba maenje aakulu n'kumasanjamo mitembo, ina yokwiriridwa mosazama moti agalu ankaifukula. Iye mwini anakwirira ana ake asanu ndi manja ake. Inu ndi ine tikudziwa kuti maliro ndi a mudzi wonse: adzukulu kumanda, amayi pasiwa, amfumu, mpingo, nyimbo usiku wonse. Ganizirani bambo ali yekha ndi khasu, kasanu konse. Ambiri mwa amene anafa sanaphedwe ndi kachilombo kokha, anafa chifukwa chosowa wowasamala.

Chiwerengero chonse akatswiri amachiika pakati pa munthu mmodzi mwa atatu ndi theka la anthu a ku Ulaya, ena amakweza mpaka 6 mwa 10 alionse. Ndiye kuti anthu pakati pa 25 miliyoni ndi 50 miliyoni m'zaka zosakwana 7, osawerengera a ku Egypt, Syria ndi kumpoto kwa Africa, komwe Ibn Khaldun, katswiri wa mbiri yakale, anataya bambo ndi mayi ake ku Tunis. Sunagunde mofanana paliponse. Kafukufuku wa mungu wa zomera wotsalira m'matope a nyanja, wofalitsidwa mu 2022, anaonetsa kuti madera ena minda inasanduka tchire, pomwe ena ulimi unapitirira. England inatenga zaka zoposa 200 kuti anthu abwerere pa chiwerengero chakale, chifukwa mliri unkabwerabwera. Wa 1361 unapha ana ambiri moti anautcha mliri wa ana.

Za uve ndi amphaka ndisatayepo nthawi. Mizinda inalidi yauve, koma anthu ankasamba, ndipo malo osambira a aliyense analipo m'mizinda yambiri. Sopo saletsa nthata ya khoswe kuluma. Nkhani yoti Papa analamula kuti amphaka aphedwe n'chifukwa chake makoswe anachuluka ilibe umboni. Mphaka nayenso amadwala matendawa ndipo amatha kupatsira mwini wake. Ndiponso ku Cairo, komwe amphaka ankakondedwa, anthu anafa chimodzimodzi.

Chimene anthu anaphunzira, anachiphunzira ndi misozi. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, womwe lero ndi Dubrovnik ku Croatia, unalamula kuti ochokera kumalo a mliri azikhala kaye kwaokha masiku 30 asanalowe. Kenako m'madoko ena masikuwo anafika 40, ndipo m'bindikiro umene tinaumva nthawi ya Covid-19 unayambira kumeneko. Kunali kupeza njira yochotsera khoswe pamkhate popanda kuswa mkhatewo: chombo chibwere ndithu, koma chidikire. Za nthata zinadziwika mochedwa kwambiri, mu 1898, kudzera mwa dokotala wa ku France, Paul-Louis Simond, ali ku Karachi, ndipo mankhwala enieni, streptomycin, anabwera m'zaka za m'ma 1940.

Mwana uja ananena zoona kuti matendawa alipobe. Ku Madagascar mu 2017 anadwalitsa anthu oposa 2,000 n'kupha oposa 200, ambiri ndi mtundu wa m'mapapo uja, ndipo chiyambi chake chinali bambo mmodzi wodwala amene anakwera minibasi ya ulendo wautali. Ku DRC amamveka kawirikawiri. Kwathu konkuno anabukapo m'boma la Nsanje mu 2002, ndipo kum'mawa kwa Zambia anaonekakonso. Choncho, aphunzitsi, mukamaliza za Messina ndi Strasbourg, muwauzenso ana anu izi. Akaona makoswe akufa okha ambirimbiri pakhomo kapena mbewa zakufa zokha kumunda, asazitole ndi manja, ndipo akauze alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo. Munthu akatentha thupi mwadzidzidzi n'kutupa mwanabere wowawa kwambiri, apite kuchipatala osadikira mawa, chifukwa mtundu wa m'mapapo umafuna mankhwala pasanathe maola 24. Ndipo kumene matendawa abuka, azaumoyo amayamba apopera mankhwala ophera nthata asanathire ophera makoswe. Mukayamba ndi makoswe, nthata zonse zija zimatsika m'tsindwi usiku womwewo kudzafuna ogona pamphasa.